Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Bwezerani Alangizi a Zaumoyo Kumidzi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemberani pa nkhani ya anthu amene unduna wanu umawadalira tsiku ndi tsiku koma amakumbukiridwa pomaliza ndalama zikamagawidwa. Ndikunena alangizi a zaumoyo, amene m'maofesi mumawatcha ma HSA pamene kumudzi amangoti "azaumoyo" kapena "adokotala a kusikelo". Pamodzi ndi iwo ndikuphatikizapo akuluakulu awo oona za ukhondo m'maboma komanso anamwino oyendera midzi. Pempho langa ndi limodzi: anthu amenewa abwezeredwe kumidzi komwe analembedwera ntchito, akhale komweko, azilipidwa ndi ndalama za boma lathu, ndipo asamakokedwenso kukatseka mipata m'zipatala nthawi iliyonse kukasowa wogawa mankhwala kapena wolemba m'kaundula. Ndikudziwa kuti patebulo panu pali madandaulo ofuula kuposa awa. Mankhwala akusowa, ambulansi zikuima chifukwa cha mafuta, odwala akugona pansi m'zipatala zazikulu. Zonsezo ndi zoona, ndipo sindikuzipeputsa. Koma ambiri mwa odwala amene adzaza m'mawodi amenewo, makamaka m'mawodi a ana, akudwala matenda amene akanatsekerezedwa pachitsime, pachimbudzi, pogona kapena pasikelo, ndipo munthu amene boma linamuika pa malo anayi amenewa ndi mlangizi wa zaumoyo.

Ntchitoyi ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1960 boma linalemba anthu aganyu oti aziyenda m'midzi kupereka katemera wa nthomba. Kolera italowa m'dziko muno mu 1973, anthu a mtundu womwewo anatumidwa kukalimbana nayo. Mliriwo utazilala sanawachotse, chifukwa zinaoneka kuti mudzi umafunika munthu woyang'anira umoyo wake chaka chonse, ndipo pofika m'ma 1990 anali atasanduka ogwira ntchito m'boma okhazikika. Gulu limeneli linabadwa chifukwa cha miliri iwiri, ndipo udindo wake woyamba unali kuona nthenda isanafale. Pamene mayiko anasonkhana ku Alma-Ata mu 1978 n'kugwirizana kuti chisamaliro cha zaumoyo chiziyambira komwe anthu akukhala, ife tinali titaponda kale njira imeneyo. Mayiko ambiri a mu Africa muno mpaka lero amadalira anthu ongodzipereka osalipidwa pa ntchito ya m'midzi, pamene Malawi, ndi umphawi wake wonse, anasankha kalekale kuwaika pa malipiro a boma. Tili ndi chinthu chimene anzathu akuvutikira kuchimanga, ndipo n'chifukwa chake zimapweteka kuona tikuchigwiritsa ntchito molakwika.

Ndi bwino tiione ntchitoyi pafupi, popeza m'malipoti imangooneka ngati manambala. Tsiku la sikelo mlangizi amalawirira kuchipatala chaching'ono kukatenga katemera m'firiji, kumuika m'kabokosi kozizira, kumangirira pakaliyala, n'kupalasa njinga makilomita khumi kapena kuposerapo. Akafika amapachika sikelo panthambi ya mango kapena paphaso la tchalitchi, amayi atakhala pazitenje, aliyense atagwira buku la mwana lokutidwa m'pepala la shuga kuopa mvula. Mwana amalowetsedwa m'kakabudula kansalu n'kukolekedwa, muvi wa sikelo n'kugwedezeka, mlangizi n'kuika kadontho pa tchati. Kadonthoko kakamatsika, amatulutsa kalamba koyezera mkono, ndipo kakaloza pofiira mwanayo amatumizidwa kukalandira chiponde asanatupe mapazi. Masiku ena ndi oyendera makomo. Amaona ngati chimbudzi chili ndi chivundikiro, ngati pa mpondagiya pali madzi ndi sopo kapena phulusa, ngati pakhomo pali thandala ndi dzenje la zinyalala, ngati neti yapachikidwa pogona kapena yapita kudimba kukatchinga mbewu. Dzinja likayandikira amasungunula klorini n'kugawira mabanja m'timabotolo, kuwaonetsa muyeso wothira m'ndowa ya malita 20 ndi kuwauza kuti adikire mphindi 30 asanamwe. Kuyambira mu 2008 alangizi a m'madera akutali ndi chipatala anapatsidwanso bokosi la mankhwala a ana osakwana zaka zisanu: LA wa malungo, thanzi ndi zinki wa kutsegula m'mimba, ndi mankhwala a chibayo, chimene amachizindikira powerenga kapumidwe ka mwana ndi wotchi m'manja.

Zipatso zake zilipo ndipo zinalembedwa. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 1992 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa mtundu womwewo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Sindinganene kuti kutsika konseko kunachitika ndi alangizi okha. Maneti, mankhwala otalikitsa moyo, ndi ndondomeko ya Option B+ imene Malawi anayamba mu 2011 yopereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, zonsezi zinathandiza. Koma neti imafuna wina woigawa ndi wobwera kudzaona ngati ikugonedwa, katemera amafuna wina womufikitsa kumudzi ali wozizira, ndipo mayi amene wasiya kukatenga mankhwala amafuna wina womulondola pakhomo. Mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wathana ndi matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo mu 2022 linavomerezanso zomwezo pa nthenda ya maso ya trachoma. Mbali yaikulu ya nkhondo ziwirizi inali kugawa mankhwala khomo ndi khomo, chaka ndi chaka, m'midzi imene galimoto sifika. Pamene dziko lathu linakhala loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, amene ananyamula tibokosi tozizira tija anali anthu omwewa.

Tsono tiyeni tibwere pa kolera ya 2022 ndi 2023, chifukwa pamenepo m'pamene tinaona chimene chimachitika mpanda ukakhala ndi mipata. Wodwala woyamba anapezeka ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangogwetsa zimbudzi ndi kudzaza zitsime ndi matope m'chigawo cha kummwera. Kale kolera inkabwera ndi mvula n'kupita ndi mvula. Ulendo uno inadutsa chilimwe chonse, n'kukwera m'mbali mwa nyanja mpaka ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, kenako n'kulowa m'mizinda. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwu ndi ngozi ya zaumoyo ya dziko lonse. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo panali masiku amene odwala atsopano ankapitirira 500. Kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwa mu Febuluwale, patatha pafupifupi chaka chathunthu chiyambire mliriwo. Pomaliza, boma lililonse la dziko lino linakhudzidwa, anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mliri waukulu umene tinkaukumbukira m'mbuyomo, wa 2001 mpaka 2002, unadwalitsa anthu oposa 33,000 ndi kupha pafupifupi 1,000. Tinaposa mbiri yathu yoipa patatha zaka makumi awiri za maphunziro, misonkhano ndi ndondomeko zolembedwa bwino.

Nambala imene ikuyenera kutisowetsa tulo ndi ya imfa. Akatswiri amagwirizana kuti kolera ikasamalidwa bwino siyenera kupha munthu woposa mmodzi pa odwala 100 alionse. Kwathu kuno inapha pafupifupi atatu. Nthendayi ilibe chinsinsi: imapha pomumaliza munthu madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa chabe, ndipo odwala ambiri amachira ndi thanzi yekha akayamba kumwa msanga. Imfa zitatu pa 100 zikutanthauza kuti anthu ankafika mochedwa, ena atanyamulidwa pa kabaza ali lenderende, ena osafika n'komwe. Dokotala wa m'tenti ya kolera, ngakhale akhale waluso chotani, amayamba ntchito yake wodwala akafika pachipata. Maola onse a m'mbuyo mwake, kuyambira pamene munthu wayamba kutsegula m'mimba usiku kunyumba kwake, ali m'manja mwa amene amakhala naye pafupi. Ngati m'mudzimo muli mlangizi amene ali ndi mapaketi a thanzi m'nyumba mwake, amene anthu amadziwa chitseko chake, wodwalayo amayamba kumwa usiku womwewo, uthenga umafika kuchipatala m'mawa, chitsime chimathiridwa mankhwala, ndipo maliro akachitika amaikidwa mosamala popanda kusambitsa mtembo ndi kuphika nsima ya khamu. Ngati mlangiziyo amagona pamsika wa makilomita 15 kuchokera pamenepo, nkhani imamveka patatha masiku, anthu a m'midzi itatu atadya kale pamaliro.

Funso ndi lakuti anachoka bwanji kumudziko. Choyamba ndi chiwerengero. Ndondomeko ya unduna wanu ya zaumoyo wa m'midzi ya 2017 mpaka 2022 inanena kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ndipo inavomereza yokha kuti tinali kutali ndi muyeso umenewo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, oposa 80 pa 100 alionse akukhala kumidzi, ndipo chiwerengerocho chakhala chikukwera chaka chilichonse pamene alangizi ena akupuma, ena akumwalira, ena akupita kukaphunzira ntchito zina. Chachiwiri, chomwe chimanenedwa kawirikawiri monong'ona, ndi kukokedwa. Chipatala chaching'ono chikakhala ndi namwino mmodzi ndi wothandiza dokotala mmodzi, munthu wapafupi womupempha kuti ayeze magazi a malungo, agawe mankhwala pawindo, alembe makadi, ayeze HIV kapena atsuke mabala ndi mlangizi wa zaumoyo. Sangakane, chifukwa mzere uli panja ndipo womupemphayo ndi mkulu wake. Pang'ono ndi pang'ono masiku a kumudzi amadyedwa ndi masiku a pachipatala, mpaka munthu amene analembedwa kuti aziteteza anthu abwinobwino kuti asadwale amathera sabata yonse akuthandiza kuchiza odwala kale, ntchito imene maphunziro ake a masabata 12 sanamukonzekeretse mokwanira.

Palinso katundu amene mapulogalamu amamusenzetsa. Pulogalamu iliyonse, ya malungo, ya chifuwa chachikulu, ya kulera, ya kadyedwe, imabwera ndi kaundula wake, fomu yake ya pamwezi, nthawi zina foni yake, ndi maphunziro ake a masiku angapo kuboma. Maphunzirowo amakhala ndi alawansi, ndipo sindingadzudzule munthu wa malipiro ochepa chifukwa chothamangira alawansi. Koma zotsatira zake n'zakuti ntchito imene ili ndi wothandiza wa ndalama imagwiridwa, pamene kuyendera zimbudzi ndi kuyeza madzi, zomwe zilibe mwini wake wolipira, zimatsalira.

Ena adzati, ndipo ali ndi mfundo, kodi wodwala amene ali pakhomo la chipatala lero tim'siye kuti mlangizi akayendere zimbudzi? Mayi amene wabwera ndi mwana wotentha thupi sangauzidwe kuti woyeza magazi wapita kumudzi. Ndikuvomereza kuti mkulu wa chipatala chaching'ono amene amakoka mlangizi sachita zimenezi mwankhanza. Amakhala akuzimitsa moto umene uli pamaso pake. Koma cholakwika chili pa ife amene tasiya chipatalacho chopanda ogwira ntchito ake, n'kumalipira ngongoleyo ndi umoyo wa midzi. Wodwala wa pakhomo la chipatala amaoneka, amalira, ndipo achibale ake amatha kuimbira foni wailesi. Mwana amene sanalandire katemera wa chikuku chifukwa sikelo ya mwezi uno yalephereka saoneka ndi aliyense, mpaka tsiku limene ana otere achuluka mokwanira kuti nthenda iyake. Tinaziona mu 2010, pamene chikuku chinadwalitsa anthu oposa 130,000 m'dziko muno ndi kupha pafupifupi 300. Yankho la mzere wa pachipatala ndi kulemba anamwino, ogawa mankhwala ndi oyeza magazi, amene sukulu zathu za boma ndi za mipingo zimatulutsa chaka ndi chaka ndipo ambiri amakhala pakhomo kudikira kulembedwa.

Apa m'pamene pamabwera yankho limene nduna iliyonse imalidziwa pamtima, lakuti ndalama palibe. Sindikunyalanyaza mavuto a chuma chathu. Komabe tili ndi umboni wakuti boma likatsimikiza mtima zimatheka. Pakati pa 2004 ndi 2010, pa pulogalamu yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo imene inathandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba la Global Fund, malipiro a ogwira ntchito ambiri anawonjezeredwa ndi 52 pa 100, ndipo alangizi a zaumoyo anachuluka kuchoka pa pafupifupi 5,000 kufika pa oposa 10,000. Zaka zimenezo ndi zomwe imfa za ana zinatsika mofulumira. Vuto lake linali lakuti mbali yaikulu ya ndalamazo inali ya alendo, ndipo mpaka lero gawo lalikulu la ndalama zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo m'dziko muno limachokera kunja. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ndipo ogwira ntchito ambiri amene ankalipidwa ndi mabungwe m'zipatala zathu anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Ntchito zimene iwo anasiya sizinathe, ndipo si kovuta kulosera amene zikumugwera. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 15 pa 100 ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife takhala tikuperewera pa lonjezo limeneli zaka zambiri. Nduna ya Zachuma ikafunsa kuti ndalama za alangizi zibwerera bwanji, muionetse zimene tinawononga pa kolera: matenti, mabotolo a dilipi amene wodwala mmodzi wofooka amatha angapo, ogwira ntchito olembedwa mwadzidzidzi, masabata a sukulu otayika, misika ya zakudya yotsekedwa, ndi mabanja amene anataya wowadyetsa. Ndalamazo tinazipeza chifukwa maliro anali atachuluka. Klorini, njinga ndi nyumba ya mlangizi n'zotchipa kuposa zimenezi.

Mfundo ina yotsutsa, imene ndimailemekeza kwambiri, ndi yakuti kolera ndi nkhani ya madzi, choncho ndi ya unduna wina. N'zoona ndithu. Malinga ngati anthu a ku Ndirande, Bangwe, Mtandire ndi Mgona azitunga m'zitsime zosaya zoyandikana ndi zimbudzi mipopi ikauma, malinga ngati asodzi a pa nyanja ya Chilwa azikhala m'zimbowera akumwa madzi omwe akudzithandiziramo, palibe mlangizi amene angathetse kolera ndi pakamwa. Katemeranso sangatipulumutse yekha. Mu Okutobala 2022 anachepa padziko lonse moti mabungwe oyang'anira nkhokwe yake analamula kuti anthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Koma mapaipi adzatenga zaka kuti afike paliponse, ndipo m'zaka zimenezo anthu akumwa madzi tsiku lililonse. Munthu amene amadziwa kuti mjigo wakuti unawonongeka miyezi itatu yapitayo ndipo mudzi wabwerera kumtsinje ndi mlangizi. Amene amadziwa kuti dera la mfumu yakuti, limene linalandira satifiketi yoti aliyense ali ndi chimbudzi, lagwetsedwa zimbudzi theka ndi mvula ya chaka chino, monga zinachitikira madera ambiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi yemweyo. Unduna wa madzi ndi makhonsolo sangadziwe poyambira popanda maso amenewa. Kumanga mipopi ndi kusunga mlangizi m'mudzi ndi ntchito ziwiri zodalirana, ndipo imodzi mwa izo ili m'manja mwanu lero.

Ndamvanso anthu, ngakhale mafumu, akudandaula kuti alangizi ena ndi aulesi, amangooneka tsiku la sikelo, ena amalemba manambala a m'mutu ali pansi pa mtengo. Otere alipo, ndipo kuwabisa n'kunyoza anzawo amene amawoloka mitsinje yodzaza atasenza bokosi la katemera pamutu. Koma tifunse kuti munthuyo tinamutumiza kukakhala kuti. Ambiri amatumizidwa kudera kumene kulibe nyumba ya boma ngakhale ya lendi, kutali ndi kwawo, ndipo amakakhala pamsika wapafupi pomwe pali denga la malata ndi sukulu ya ana awo. Amene akuyenera kumuyendera, mkulu woona za ukhondo wa m'deralo, ali ndi njinga yamoto yopanda mafuta, chifukwa ndalama zoyendetsera ntchito zikafika kukhonsolo mochedwa ndiponso zoperewera, mafuta oyamba amapita ku ambulansi ndi jenereta, ndipo palibe angatsutse zimenezo. Wantchito amene sayenderedwa miyezi isanu ndi umodzi amafooka, kaya ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena wapolisi. Mankhwala a ulesi umenewu ndi odziwika: kulemba anthu ochokera m'dera lomwelo, kuwamangira pokhala pamodzi ndi kachipinda kogwiriramo ntchito, kupatula ndalama za kuyendera zimene sizingabwerekedwe ndi ntchito ina, ndi kupatsa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mphamvu yonena kuboma mlangizi akasowa. Mukatero, amene adzapitirize kujomba muzamuchotse popanda wokudandaulirani.

Kukhala pakati pa anthu kuli ndi phindu lina limene silingagulidwe pa nthawi ya mliri, ndilo kukhulupiriridwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, anthu anaphedwa, ndipo aliyense wachilendo wonyamula chikwama cha zipangizo ankaopa kulowa m'mudzi. Mu Meyi 2021 boma linatentha katemera wa Covid-19 oposa 19,000 amene anatha mphamvu anthu akuzengereza kubayitsa. Pa nthawi ya kolera kunamveka zoti azachipatala ndiwo akufalitsa nthendayo, moti zipatala zina zinaphwanyidwa ndi anthu okwiya. Kulinso mipingo imene imaletsa anthu ake mankhwala ndi katemera. N'kosavuta kunena kuti anthu ndi osaphunzira, koma mantha amenewa amakula pamene boma limangoonekera m'mudzi pa tsiku la tsoka, litavala zophimba kumaso, kudzatenga wodwala ndi kubweza mtembo wokutidwa m'pulasitiki. Galimoto ya zokuzira mawu imadutsa kamodzi n'kupita. Mayi wokayika amamvera munthu amene anayeza ana ake onse pasikelo, amene amakumana naye pamjigo ndi pamaliro, amene mwana wake yemwe analandira katemera yemweyo anthu akuona. Mkulu wa mpingo wokana mankhwala sagonja ndi chilengezo cha pawailesi. Akafewa, amafewa chifukwa cha munthu amene wakhala naye pakhonde kambirimbiri mwaulemu. Chikhulupiriro chotere chimamangidwa zaka za mtendere, ndipo mlangizi amene tamutsekera pawindo la mankhwala sangachimange.

Ndisaiwale madokotala ndi anamwino a m'zipatala, chifukwa kupewa matenda ndi udindo wawonso. Wodwala aliyense wofika ndi kutsegula m'mimba kwa madzi, mwana aliyense wa zidzolo ndi kutentha thupi, mwana aliyense amene mwendo wake walefuka mwadzidzidzi, ndi uthenga wochokera kumudzi wina. Wochiza amene amangolemba mankhwala n'kuitana wotsatira wathandiza munthu mmodzi. Amene amafunsa komwe wodwalayo amatunga madzi n'kutumiza uthenga kwa woona za ukhondo tsiku lomwelo wathandiza mudzi. Nkhani ya poliyo ikuonetsa kufunika kwake. Mwana wa ku Lilongwe amene anapuwala mu Novembala 2021 anapezeka kuti ali ndi poliyo wa mtundu umene Africa inalengezedwa mu 2020 kuti yathana nawo, wofanana ndi wa ku Pakistan, woyamba m'dziko muno chichokere 1992. Zinadziwika chifukwa wina anakayikira n'kutenga zoyeza. Chilengezo chitatuluka mu Febuluwale 2022, alangizi ndi ongodzipereka anayenda khomo ndi khomo maulendo angapo kudontheza katemera m'kamwa mwa ana mamiliyoni, ndipo Malawi sanapezenso wodwala wina wa mtundu umenewo. Diso la m'chipatala ndi miyendo ya kumudzi zinagwirira ntchito pamodzi. Amene anayambitsa College of Medicine mu 1991 ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankatumiza ophunzira udokotala kukaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi ya ku Mangochi. Mzimu umenewo ukufunika kutetezedwa m'sukulu zonse zophunzitsa azaumoyo, ndipo wochiza amene akuona odwala mazana pa tsiku apatsidwe njira yachidule yoperekera uthenga, osati fomu ina ya masamba anayi.

Olemekezeka a Nduna, mliri woopsa kwambiri wa kolera m'mbiri yathu tinalimbana nawo pogwiritsa ntchito lamulo la zaumoyo wa anthu la mu 1948, lolembedwa dziko lino likadali Nyasaland. Zimenezi zokha zikusonyeza malo amene kupewa matenda kwakhala kukupatsidwa pa mndandanda wa zofunika. Ndondomeko zabwino tili nazo zambiri, kuphatikizapo ya gawo lonse la zaumoyo ya 2023 mpaka 2030, ndipo sindikupempha ina yatsopano. Ndikupempha kalata yochokera mu ofesi yanu yopita kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma onse, yonena masiku amene mlangizi ayenera kukhala m'dera lake pa sabata ndi ntchito za pachipatala zimene sayenera kupatsidwa. Ndikupempha kuti mukapita kukakambirana bajeti, ndalama za klorini, thanzi, njinga, mafuta a oyendera ndi nyumba za alangizi zikhale pa mzere wakewake umene khonsolo singaukhudze, ndipo malipiro a alangizi atsopano achokere m'thumba la boma lathu kuti asadzathe tsiku limene mlendo wasintha maganizo. Ndipo mvula isanagwe chaka chino, tiuzeni poyera, boma ndi boma, kuti alangizi alipo angati, angati mwa iwo amagona m'dera limene amagwirako ntchito, ndi klorini wochuluka bwanji wafika m'manja mwawo. Manambala amenewo unduna wanu ungathe kuwasonkhanitsa m'mwezi umodzi. Aphungu, mafumu ndi atolankhani akawaona adzadziwa pofunsa, ndipo inunso mudzakhala ndi chogwira popita kwa anzanu a zachuma. Chonde, chitani zimenezi mitsinje isanadzaze.

Ine wanu,
Nzika yokhudzidwa ndi umoyo wa anthu akumudzi